Thabwa Lopanda Nkhope

Kufupi ndi Namitete,
Lachinayi masana

Lusiyano mwana wanga,

Kalata iyi uipeza pansi penipeni pa bokosi la penti, m'munsi mwa sanza zopukutira maburashi. Ndaibisa dala kuti uiwerenge utafika ku Nambuma, chifukwa ukundidziwa kuti pakamwa panga ndi polemera. Ndikati ndikuyamikire, ndimangopezeka ndikukufunsa ngati watsuka maburashi. Amayi ako amati ndine munthu wocheza ndi matabwa, ndipo sanama.

Mawa ukweza katundu panjinga kupita kukakhazikika kwa mkazi wako Rozaliya. Ukwati tinavina mwezi watha, nyumba wamanga kale kumeneko, tsopano ndiwe mkamwini ngati ine. Mtima wanga uli m'malo. Rozaliya ndi mwana wabwino, ndipo kumeneko alimi a fodya alipo ambiri, anthu okonda kuona nkhope zawo pakhoma akagulitsa bwino. Sudzagona ndi njala.

Chandikhazika pansi ndi funso lako la dzulo. Unandipeza ndikupala thabwa, nuti, "Atate, kodi chithunzi cha agogo mwachiona?" Ine ndinati, "Penti sanaume." Unangoti chabwino, nutuluka, koma mmene unagwetsera mapewa ndinaona. Zoona zake n'zakuti sindinachiyang'ane. Chili apa pambali panga, chotembenuzidwira kukhoma monga unachisiyira, ndipo masiku anayi tsopano ndakhala ndikuchilambalala ngati pagona galu wolusa. Ndikudziwa chimene ukufuna. Zaka zonsezi wagwira ntchito pambali panga, sindinakuuzepo ngati dzanja lako lakhwima kapena ayi, ndipo sukufuna kukayamba moyo kwa eni usanamve kuchokera kwa ine. Ndikuyankha kalatayi isanathe. Koma undilole ndidzere kutali, ndikuuze kaye zolakwa zanga, mwina mtima ulimba m'njira.

Cholakwa changa choyamba chinali penti wakuda. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku mishoni, kwa Mbale wina wachizungu wa ndevu zofiira, amene ankandipatsa ziboliboli za m'tchalitchi kuti ndizipake zikasuluka. M'bokosi mwake munali chubu cha penti chimene ankati ndi cha khungu la munthu, koma mtundu wake unali wa kamwana ka nkhumba kongobadwa kumene. Tsiku limene mphunzitsi wina wa katekisimu anandipempha kuti ndimujambule, ndinati mumtima, ife ndife anthu akuda, basi ndifinye chubu chakuda. Ndinagwira milungu iwiri ndikudzitama. Mwini wake atabwera anayang'ana nthawi yaitali, nati, "Amisiri, kolalayo ndi yangadi. Nanga ineyo ndili pati? Kapena munandijambula ndili m'chigafa cha fodya utsi uli tolotolo?" Ana a sukulu anaseka mpaka kugwira nthiti. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kukhazika munthu pamthunzi mmawa, n'kumuyang'ana nthawi yaitali ndisanakhudze burashi. Pa nkhope yathu pali kufiira kwa katondo, pali chikasu, ndipo pamphumi pamagwa mtundu wa kumwamba. Wakudayo usungire nsapato ndi matayala a njinga. Uziyang'ana kaye, Lusiyano, usamajambule zimene ukungoganiza kuti ukuzidziwa.

Chachiwiri ndi nkhani ya mtedza, imene amayi ako amaikamba pa ukwati uliwonse ngakhale asanafunsidwe. Mlimi wina wa ku Nsaru, munthu wonyadira ndevu zake, anafuna chithunzi chake chifike mwana wake asanakwatiwe, kuti alendo akachione. Mafuta osungunulira penti anandithera pakati pa ntchito, ndipo lole yopita ku Lilongwe inali itatitimira m'matope. Ndinati mafuta ndi mafuta basi. Ndinakazinga mtedza, kusinja, kufinya. Penti anayenda bwino pa burashi, ine n'kudziona wanzeru kuposa mzungu uja. Mlungu unatha, osauma. Wachiwiri unatha, ukakhudza, chala chimabwerako ndi ndevu za mwini wake. Tsiku litakwana ndinamanga thabwalo panjinga, ndinati liumira m'njira. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndipo ngumbi zinali kutuluka m'chulu chilichonse kuyambira pano mpaka ku Nsaru. Nditafika n'kumasula zingwe, mkazi wake anaomba m'manja, nati, "Kalanga ine, amuna anga amera mapiko!" Nkhuku za pakhomopo zinayamba kulumphira chithunzicho pamaso pa alendo. Ndinabwerera nacho mutu uli pansi, ndinakayambiranso pa thabwa lina. Mlimiyo mpaka lero akandiona pamsika amakupiza mikono. Mafuta akakuthera, ima. Umuuze mwini wake adikire. Bola akwiye tsiku limodzi kusiyana ndi kukuseka mpaka imvi. Ndipo chithunzi chisatuluke m'nyumba mwako chisanaume, ngakhale mwini wake atabwera ndi mbuzi pachingwe.

Adzabweranso anthu ndi tizithunzi ta pachitupa, ta amuna awo amene anatsikira kumigodi ya ku Joni osabwerako. Amenewa uziwalandira ndi manja awiri. Mayi wina wamasiye anayenda pansi kuchokera ku Kabudula ndi kachithunzi kochepa ngati bokosi la machesi, atakamanga pangodya ya mpango. Ine ndinakopera bwinobwino, mphuno, makutu, zonse m'malo mwake. Atabwera kudzatenga anakhala pamphasa, nayang'ana, osalira, osaseka. Kenaka anati, "Mwajambula bwino, koma munthu uyu ndi wa boma. Wanga sankatseka pakamwa chonchi." Ndinapsa mtima, ndinamuonetsa kachithunzi kake komwe kuti aone yekha. Iye anati, "Pamenepo anali ndi mantha, anachita kumuimika pakhoma." Manyazi anandigwira. Ndinamupempha agone kwathu masiku awiri, ndipo ndinangokhala pansi kumvetsera: mmene mwamunayo ankasekera chakumbali pobisa dzino lothyoka, mmene ankatsinzinira diso limodzi akamanama. Ndinapala pakamwa ndi m'maso, ndinayambiranso. Ulendo wachiwiri mayiyo sanayankhule nane konse. Anayamba kukalipira thabwalo, "Inu, chimanga chatha m'nkhokwe, mwangokhala phee kumeneko!" Ndiye analira, ndipo atatha kulira anadya bwino. Ndi chifukwa cha masiku otere ndakhala pa ntchitoyi osadandaula. Uziwamvetsera anthu akamakamba za munthu wawo, usamathamangire burashi.

Munthu wodwala usamujambule, ngakhale abale ake akuchonderere chotani. Ine ndinavomerapo ku Mpingu kujambula nkhalamba ina yomwe inali itayamba kale kufooka. Ana ake ankafuna chokumbukira, ine ndinamva chisoni. Inamwalira penti asanaume, ndipo chaka chathunthu amayi a kumeneko ankabisa ana ndikamadutsa, amvekere wabwera wochotsa anthu chithunzithunzi uja. Ukaona munthu akutsokomola kwambiri, unene kuti matabwa atha, ubwerenso atachira.

Khasu usaliiwale. Chaka changa choyamba muno ndinkadzuka n'kukhala pansi ndi maburashi anthu akupita kumunda, ndipo mudzi wonse unkati mwana wa eni wakwatiwa ndi munthu woseweretsa utoto. Zinasintha pamene ndinayamba kulawirira kumunda, n'kumajambula ndikaweruka. Kwa eni, ayambe aona matuza m'manja mwako, zithunzi adzazione pambuyo. M'masiku ano a boma la Chitaganya, anzako onse akuthamangira ku Halale, ndipo akabwera amakuuza kuti kumeneko makina amajambula munthu kamphindi, ntchito yako yatha. Uziwaseka. Makinawo ndi amene anajambula mwamuna wa mayi wa ku Kabudula uja.

Tsopano ndafika pa thabwa lili apali. Iwe unakula ukuliona kudenga, mayi wokhala pampando, wa manja ndi chilundu ndi mikanda koma wopanda nkhope, ndipo ukafunsa tinkakuuza kuti penti anatha. Penti sanathe ayi.

Chinali chaka changa choyamba chomwecho, amayi ako ali ndi pakati pa iwe. Malume ako a Filipo anabwera kuchokera ku Joni ndi suti ndi galamafoni, nati, "Alamu, ndamva mumajambula. Mundijambulire amayi, ndipite nawo kumigodi, ndiziwaona ndikaweruka." Ine ndi mtima wofuna kutchuka ndinavomera pomwepo. Ndinadzazindikira ndili m'njira yopita kudimba kuti amayi awowo ndi apongozi anga, aNambewe, munthu amene mwambo sundilola kumuyang'ana kumaso. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira kutchire, iwo n'kufunda mpango kumutu. Nanga mmisiri ajambula bwanji nkhope imene saloledwa kuiona?

Agogo ako anavomera kukhala pampando, koma atafunda nsalu kumaso. Ndinajambula manja, chilundu, mikanda ya m'khosi, zonse zinatuluka bwino. Amayi ako anandiuza kuti, "Dikirani. Mwana akabadwa tidzapereka nkhuku, manyazi adzatha, mudzawayang'ana mmene mungafunire. Yatsala miyezi itatu yokha." Koma a Filipo ankabwerera mwezi womwewo, ndipo ine kudikira ndinali ndisanakuphunzire. Ndinamasula kagalasi ka panjinga, ndinakasomeka mumpanda wa udzu moyang'ana pamtondo pamene agogo ako ankasinja, ine n'kunjuta kuseri ngati ndikukonza tcheni. Ndinangoona khutu limodzi. Dzuwa linamenya kagalasiko, kuwala kunagwera mumtondo, munsi unaima. Sanakuwe. Anangoitana amayi ako, nanena mokweza kuti ndimve ndine: "Kawauze amisiri ako kuti nkhope yanga si chinangwa cha m'munda mwa eni, choti n'kuzula mobisa. Nkhuku yawo sindidzailandira. Adikire mpaka ndidzanene ine."

Ndinayesa njira ina. Ndinajambula nkhope ya amayi ako n'kuikapo makwinya. A Filipo ataona anati, "Alamu, uyu ndi mlongo wanga atadwala malungo, si amayi." Ndinapala ndi mpeni. Anabwerera ku Joni chimanjamanja, ndipo monga ukudziwa anatchona komweko. Sanaonenso nkhope ya amayi awo, ya pathabwa kapena yeniyeni. Chimenechi chimandipweteka mpaka lero.

Iwe unabadwa, nkhuku inabwezedwa. Alongo ako anabadwa, nkhuku inabwezedwanso. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala pabwalo limodzi ndi agogo ako, ndikuwadziwira kumapazi, kukatsokomoledwe ndi kumawu. Usaganize kuti timadana. Timacheza kudzera kumpanda, iwo uko ine kuno. Dzungu loyamba kukhwima m'munda mwawo limabwera kwa ine, ndipo denga lawo amafolera ndine. Koma mumtima ndinkati mayiyu sanandikhululukire, ndipo ndikayesa kuganiza nkhope yawo ndinkaona munthu wa tsinya. Ndiye ukafika kumeneko, Lusiyano, apongozi ako uwapatukire njira mpaka adzanene okha. Usachite nzeru. Akakuuza kuti dikira, udikire, ngakhale ukuona njira yachidule ili poteropo.

Pamene unatsitsa thabwalo kudenga mwezi uno n'kulipukuta mwaye, ndinafuna kukuletsa koma ndinangokuleka. Iwe ndiwe mdzukulu, agogo ako amakutcha mwamuna wawo, ukhoza kuwayang'ana mpaka maso atatopa. Mmawa uliwonse ndinkakumvani muli patsinde pa mango kuseri kwa mpanda, iwo akukulalatira kuti wawasiya n'kukakwatira kamtsikana ka ku Nambuma, iwe ukuti, "Agogo, khalani bata, mphuno ikupotoka." Ine kuno ntchito siinkayenda. Ndikuuze chilungamo, ndakhala ndikuopa zinthu ziwiri. Chithunzicho chikakhala choipa, ndiyenera kukuuza, upite kwa eni ndi mtima wosweka. Chikakhala chabwino, ndiye kuti ndaona nkhope imene anandiletsa, ndabanso kachiwiri.

Ndinasiya kulemba pamenepa chifukwa ndinamva ndodo ikugogoda kumpanda. Iwe unali utapita kukatsanzika anzako kutsidya. Ndabwerera pa pepalali dzuwa litapendeka.

"Amisiri," anatero agogo ako kuseriko, "kodi mwatembenuza?"

Ndinati, "Iyayi, amayi, ndikuopa mwambo."

"Mwambo wake uti? Mwana wandikhazika milungu itatu, msana wachita kuuma, inu mwangoti duu. Akupita mawa, eti? Tembenuzani."

Ndinatembenuza.

Lusiyano, mayi wa pathabwayo akuseka. Mano sakuoneka, akusekera m'diso lakumanzere, nsidze itakwera pang'ono, monga umachitira iwe ukandigwira bodza. Mphini za m'masaya waziika zitatuzitatu, osazikuza. Pamphumi pali mtundu wa kumwamba uja, ndipo penti wakuda ndinamufufuza paliponse, sindinamupeze. Makwinya sunabise, koma palibe amene anganene kuti wawakalambitsa. Tsinya lija ndakhala ndikuliopa zaka zonsezi palibepo. Kenaka ndinayang'ana m'munsi, ndinaona kuti manja sunawakhudze. Ndi omwe aja ndinajambula ine iwe usanabadwe, manja osalala a mayi wamphamvu zake, pansi pa nkhope ya nkhalamba. Mmisiri wina akanawapala kuti zigwirizane. Iwe wandisiyira malo. Apa ndiye misozi inatsika, sindibisa.

Ndili chiimire choncho ndinamva mapazi amene ndimawadziwa, koma sanali kuseri kwa mpanda. Analowa pakhomo, nadzaima pambali panga, fungo la fodya wawo wamphuno lili guu. Ine maso pathabwa, osaphethira.

"Ine galasi ndilibe," anatero. "Kaja munasomeka mumpanda ndinakataya kudambo. Ndiye mundiuze inu amisiri. Kodi ndafanana?"

Ndinati, "Amayi, ndingadziwe bwanji?"

"Nanga khosi lanu linauma? Cheukani."

Ndinacheuka, mwana wanga. Diso lakumanzere lija, nsidze ija, mphini zija, zonse zili pomwepo. Ankandiseka, ndipo ndikuganiza kuti akhala akundiseka kuseri kwa mpanda kuyambira tsiku la kagalasi.

"Mwafanana, amayi," ndinatero.

"Ndiye mumuuze mwanayo," anatero akutuluka. "Ndipo nkhuku ija mubweretse. Ikhale yonona, mwandidikiritsa."

Yankho lako ndi limeneli. Ndiwe mmisiri, Lusiyano. Wamaliza chimene chinandikanika ine, dzanja lako laposa langa, ndipo ndikunena zimenezi mtima uli myaa. Kaburashi kanga kojambulira maso ndakaika m'bokosimo, ndi kako tsopano. Chithunzichi chitsala kuno, tichipachika m'nyumba mwa agogo ako chikauma, osati chisanaume. Nkhuku amayi ako aigwira kale, tambala wofiira uja.

Ndiyesa kukuuza pakamwa ukabwerako kutsidya, monga andilamulira. Koma umandidziwa. Ndikalephera, n'kungokufunsa ngati watsuka maburashi, udziwe kuti ndikunena zomwezi.

Uyende bwino, upereke moni kwa Rozaliya.

Ndine tate wako,
Damiyano